Mpheta ya Apampando

"Yayankha!" a Lowell Brandt ananong'ona, foni ili m'manja.

Monga wapampando wa gulu loonera mbalame, ndiwo anakhwimitsa lamulo loletsa kuitana mbalame ndi foni, mpaka kuchotsa mayi Darlene m'gulu pamlandu womwewo. Koma mpheta yosowayi inali itawazemba kuyambira pomwe minda yachimanga ya ku Iowa kuno inabwezeretsedwa udzu wachilengedwe. Lero, poona kuti ali okha, analiza nyimbo yake pafoni.

Anakwawa m'tsekera, mpheta ikuyankhabe, ikuyandikira. Atapatula udzu, anangopezana maso ndi maso ndi mayi Darlene, nawonso chogwada, foni m'manja ikulira nyimbo ya mpheta yomweyo.

"Apampando," anatero mayiwo, "koma ndiye mumaimba bwino. Anzathu ndikawauze kuti ndaona mbalame yamtundu wanji?"