Moto wa kwa a NaMoyo

Chiletsereni nkhuni, moto wa nyumba iliyonse unkachokera m'khola. Boma linakumbira banja lililonse dzenje lopangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe, koma linalamula kuti ndowe zizithiridwa pakhomo pomwe ng'ombe yagona.

Chikaiko anali ndi ng'ombe imodzi yokha. Anaipereka ya malowolo kwa bambo ake a Sungeni, iye n'kupita kutali kukasaka ina. Posakhalitsa mbaula ya amayi ake a Chikaiko, a NaMoyo, inazima.

M'mawa uliwonse Sungeni ankatuluka kwa bambo ake ngati wopita kumjigo, chidebe cha ndowe atachivundikira ndi chitenje. Ankakhuthulira ndowe m'dzenje la apongozi akewo mwakachetechete, osaodira n'komwe. Moto unabwerera, ndipo a NaMoyo ankauza anansi kuti mwana wawo anasiya dalitso pakhomo.

Tsiku lina Sungeni anapeza bambo ake ataima pakhomo la khola.

"Madzi a masiku ano akununkha bwanji, mwanangu?"

"Chidebechi sindinatsuke, ababa."

"Oyeza gasi anabwera dzulo. Akuti ng'ombe ikunenepa, dzenje lathu likuwonda. Akadzapezanso chonchi ailanda. Ndipo ng'ombe ikapita, ukwati wapita."

Sungeni anakhuthula chidebecho m'dzenje la kwawo.

Patapita masiku anadzera kwa a NaMoyo. Anawapeza atagwada pambaula, akupotokola kampopi ka gasi, khutu atatchera. Mbatata zosenda zinali m'madzi ozizira.

"Lowani, apongozi," anatero akumwetulira. "Moto wa Chikaiko umachedwa nthawi zina, ngati mwini wake. Khalani pansi tidikire limodzi."

Sungeni anakhala pansi.