Masiketi a Dona Ermelinda

Dona Ermelinda anakhala pakampando kawo pamwamba pa thanthwe la ku Nazaré, wayilesi yolankhulirana kudzanja lamanzere, lamanja lili pampendero wa siketi. Kunsi nyanja inkabangula. Mkamwini wawo Amilcar, wometa tsitsi wa kamimba kabwino, anali pakati pa madzi ndi thabwa lake lokwerera mafunde, atagwira chingwe cha njinga yamoto ya pamadzi imene inkamukoka. Tsikuli linali lomaliza la mafunde aakulu chaka chino, ndipo iye analumbira kuti akwera lalikulu kuposa onse.

Mafunde a kuno alibe nthabwala. Amabadwira ku namondwe wakutali, n'kuyenda masiku. Akalowa m'chigwa chakuya cha pansi pa nyanja amapanikizana ngati anthu pakhomo la basi, kenaka n'kuimirira kutalika ngati tchalitchi. Chaka chatha limodzi linathyola munthu msana.

Ukakhala m'madzi suona chimene chikubwera. N'chifukwa chake Amilcar ankadalira apongozi ake. Mayiwo, monga ogulitsa nsomba akale onse a kuno, ankavala masiketi asanu ndi awiri. Funde lililonse ankapinda siketi imodzi, maso ali kunyanja, pakamwa pali miseche. Chala chikafika pa siketi yomaliza, ndiye kuti lachisanu ndi chiwiri, lija amati ndi lalikulu, lafika. Zaka makumi anayi sanaphonyepo.

Pambali pawo panaima Graciete, mwana wawo, mkazi wa Amilcar, khanda lawo Lurdes lili m'manja. Anthu ankamusirira. Akazi ena akanalira kapena kubisa thabwa. Iyeyu ayi. Analawirira kuphikira mwamuna khofi, n'kuveka mayi ake masiketi chifukwa phewa linkawavuta.

"Limbani mtima, bambo a Lurdes!" anakuwira mu wayilesi.

"Ndalimba," anayankha Amilcar. "Koma katani ya kuchipinda uibwezere, wamva? Oyandikana nawo andionera zonse ndikulimbana ndi chovala champhirachi."

"Ili kochapa. Yang'anani mafunde."

Loyamba linabwera. Dona Ermelinda anapinda siketi, uku akusimba za mlongo wake wa wansembe amene wadaya tsitsi ngati tambala. Lachiwiri, anapinda. Lachitatu, anapindanso. Nkhani ya tsitsi inafika pa mwamuna wake wa mayi uja, masiketi akupindika.

Kenaka nyanja inadetsa nkhope. Phiri lamadzi linadzuka, lakuda bii, mpaka kubisa dzuwa. Ojambula zithunzi anasiya kutafuna. Khanda linasiya kuyamwa chala.

"Amayi, si limeneli?" anakuwa Amilcar. "Amayi!"

"Khala phee, mkamwini. Siketi ikadalipo."

"Koma amayi, likulu lake!"

"Iwe umadziwa ndevu, ine ndimadziwa nyanja. Khala phee ndati!"

Woyendetsa njinga anatembenuka, onse awiri n'kukwera pamsana pa phirilo, nalo linawadutsa pansi. Linakaphulika pathanthwe, nthaka n'kugwedezeka, anthu n'kunyowa mpaka m'makutu.

Apo chala chinafika pa siketi yomaliza.

"Tsopano!" anakuwa Dona Ermelinda. "Pita!"

Amilcar anasiya chingwe, mano ataluma, manja atatambasula ngati mphungu. Funde limene anakwera linali kamwana chabe, kolekeza m'chiuno. Kanamunyamula mwaulemu ngati keke pa mbale, n'kukamutula pamchenga pafupi ndi galu wina amene anamununkhiza n'kuchokapo. Thanthwe lonse linafa nako kuseka. Ojambula anajambula mbali zonse.

Amilcar analavula mchenga, n'kutenga wayilesi yake.

"Basi," anatero Amilcar. "Sindidzapondanso m'nyanja. Thabwali ndikakhoma kukhoma, ndiziikapo malumo."

Dona Ermelinda anagwetsa misozi. "Ndakalamba, mwanangu. Zala zatha."

"Zimachitika, amayi," anatero Graciete, nkhope ili ndwii ngati pamaliro. "Tiyeni kwathu, mwanayu ali ndi njala."

Anawagwira mkono kuwadzutsa. Pansi pa masiketi panamveka ngwere ngwere. Graciete anatsokomola mwamphamvu, n'kukokera mipendero pansi kuti ibise siketi yachisanu ndi chitatu. Poisoka dzulo lake, chifukwa cha changu, anaiwala kuchotsa timphete ta katani.