Vidiyo ya Maliro a Bambo Enoki

Kutada ndinabwerera kushopu kukakonza vidiyo ya maliro a Bambo Enoki. Mwana wawo Linda ankaifuna m'mawa kuti atumizire abale ku Chipata. Koma kamera ya Lindayo inajambula mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEVC, ndipo pulogalamu yanga ya pakompyuta inkangotulutsa mawu a kwaya, chithunzi chili bii. Ndinasintha fayiloyo kukhala MP4, koma ayi ndithu. Ndinamuimbira foni Linda nditakwiya.

"Achemwali, kamera yanuyi yanditopetsa. Ndikungomva nyimbo basi."

"Nyimbo yanji, a Shafi? Kamerayo siijambula mawu, maikolofoni inafa kalekale. Pajatu ndinati muikemo nyimbo zanu."

Ndinazula masipika. Kwaya ija sinasiye. Inkaimbira panja, chapansipansi, ikubwera kuchitseko changa.