Mchele wa amai Anastazia

Panali mai wina ku Kacholola, dzina lawo Anastazia, wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu. Zaka anali nazo 59, ana anabeleka eyiti, ndipo kupita kumwezi anasiya kalekale. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphela nawo mpingo umodzi, ndiye musati ndapeka.

Tsiku lina akuphika, anaitana Immaculate, mkazi wa mwana wawo Josphat. "Apongozi, tandithilileni mchele m'ndiwomu." Kutacha, chimodzimodzi. Paja kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathila mchele. Masabata atatu anatha wothila ali Immaculate.

"Amai, kodi izi si munasiya kale?"

Amai Anastazia anaseka mpaka kugwetsa chipande. "Zabwelanso! Ndabwelela utsikana ine. Musawauze a Whiteson, mwamuna wangayo angayambe kudzola pefyumu."

"Amai, magazi obwela munthu atasiya kale si utsikana. Tiyeni kuchipatala mawa."

"Inu munabwela pakhomo pano ndi mbale ziwili, lelo mwasanduka dokotala?"

Sabata lomwelo pa basi panatsika bambo wina wa jekete, chikwama chodzaza mabotolo. Anati mankhwala ake amatsuka m'mimba mwa azimai mpaka mbee. Amai Anastazia anamupatsa mkoko wathunthu wa nthochi, iye nawasiyila mabotolo atatu, basi n'kupita naye. Anamwa miyezi iwili. Magazi osaleka, m'munsi mwa mimba mukupweteka, chitenje chayamba kukhwepa m'chiuno.

Immaculate sakadatha kukamba zotele ndi apongozi ake aamuna, n'zamanyazi. Ndiye anangonyanyala. "Amai, mchele sindithilanso." Masiku atatu a Whiteson anadya ndiwo zozizila. Tsiku lachinai anakankha mbale.

"Amake Josphat, kodi mchele watha m'Zambia muno?"

Apo ndiye zonse zinaululika. A Whiteson pefyumu sanagule. Anaimitsa minibasi, atatu onse ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko anawaunika pamimba ndi makina, kenako adokotala anatapa kanyama kakang'ono m'kati mwa chibelekelo n'kukatumiza kokayeza. Patapita masabata atatu anawaitana.

"Amai, ndi khansa ya chibelekelo. Koma mwai wanu, ikuoneka kuti sinatuluke m'chibelekelomo. Ikadafalikila, tikadaonjezela kuiotcha ndi makina, kapena mankhwala amphamvu a m'dilipi. Inuyo opaleshoni yochotsa chibelekelo itha kukwana. Kungoti musachedwenso."

Amai Anastazia anagwila pamimba, misozi ili mbwe. "Mukachichotsa ndidzakhala mkazi wanji ine? Abambowa akatenga wina."

A Whiteson anavula chisoti n'kuchiika pabondo. "Amake Josphat, ana eyiti! Ngakhale aphunzitsi amapuma pa nchito. Chotsani, adokotala, chagwila nchito yake. Ine ndinakwatila Anastazia, sindinakwatile thumba."

Adokotala anaseka, anesi anaseka, amai Anastazia nawonso anaseka akupukuta m'maso.

Opaleshoni inachitikila ku Lusaka, ndipo inayenda bwino. Atayezanso chimene anachotsacho anapeza kuti matendawo sanapite patali, kuotcha sikunafunike. Tsiku lotuluka adokotala analamula kuti azibwela kudzaonedwa pa masiku amene awalembela, komanso asanyamule zolemela kwa masabata sikisi.

Atafika kumudzi azimai a mpingo anawalandila ndi nthungululu. A Whiteson anatenga zigubu okha, ulendo wa ku mjigo, anthu akuwaseka njila yonse, iwo akungoimba mluzu.

Pano zaka ziwili zatha. Amai Anastazia ananenepanso, kuchipatala saphonya, ndipo nthawi zonse amabwelako ndi uthenga wabwino. Koma madzi akutungabe ndi a Whiteson. Akafunsa kuti kodi masabata sikisi sanakwane, amai amayankha ali khale pa mphasa:

"Adokotala anati ndileke. Munawamva akunena kuti ndiyambe?"

Phunzilo: Mai amene anasiya kupita kumwezi akaonanso magazi, ngakhale kadontho, athamangile kuchipatala, osati kwa munthu wa mabotolo amene simudziwa kumene amagona. Khansa ya chibelekelo ikapezeka msanga imachilitsika. Ndipo mpongozi akakuchenjezani, mvelani, musayambe kumuwelengela mbale zimene anabwela nazo. Tumizani nkhaniyi kwa amai anu, azakhali anu ndi gulu lonse la azimai, abambonso aiwelenge.