Dzina la Mwana M'mphepete mwa Buku

Bambo ataviika cholembera chabango mu inki kuti alembe m'buku lakale la banja lathu, ndinawagwira dzanja, ine nditavala magolovesi.

"Bambo, bukuli latha zaka mazana anayi. Kuntchito kwathu kosungira mabuku akale, buku lotere sitiligwira n'komwe popanda magolovesi."

"Kuntchito kwanuko ndi kumanda a mabuku," anatero. "Lathuli likadali moyo. Tandisiya, Hamsatou."

Panja, abale ochokera mumzinda wonse wa Timbuktu anali atakhala pamchenga. Nkhosa inali itazingidwa kale, chifukwa mwana wanga anali atakwanitsa masiku asanu ndi awiri, ndipo linali tsiku lomupatsa dzina.

Bambo anatsegula tsamba lonena za kayendedwe ka nyenyezi. M'mphepete mwake munali mayina a ana onse obadwa m'banja lathu, lililonse lolembedwa ndi dzanja lina. Langa ndinaliona m'munsi, pafupi ndi podyedwa ndi chiswe.

Koma dzanja la Bambo linkanjenjemera ndi ukalamba, mpaka inki inadonthera pamkeka. Analiyang'ana dontholo kwa kanthawi, kenako anandipatsa cholemberacho.

"Sukulu yonse ija, kulemba anakuphunzitsako?"

Ndinavula magolovesi. Pansi pa dzina langa, ndi dzanja langalanga, ndinalemba dzina la mwana wanga, Albakaye.