Kasitima ka Malemu

Usiku wa tsiku loika maliro a bambo ake, makaniko anatumidwa ndi mkazi wake kukatenga matiresi m'chipinda cha malemuwo, poti alendo anali atayamba kusinza.

Analowa monyinyirika. Patebulo lalikulu panali kanjanji komwe mdalayo anamanga atapuma ntchito, kokhala ndi phiri la simenti, mgodi, mlatho wa timitengo ta machesi ndi kasitima kokoka mabogi a malasha. Manja atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, mdalayo anamupempha kuti azimuthandiza kuthira malasha m'mabogimo. Iye anayankha pamaso pa anzake kuti, "Adadi, imvi zonsezi mukuseweretsabe zidole?" Anzakewo anaseka. Mdalayo anaseka nawo, koma sanadzamupemphenso.

Akuweramira matiresi, makaniko anamva kaphokoso patebulo paja. Kasitima kanali kakutuluka kuseri kwa phiri, kanyali kake kakuyaka. Anayang'ana kukhoma. Pulagi ya magetsi a kasitimako inali pansi, yosalumikiza.

Kanayenda pang'onopang'ono n'kudzaima pamgodi, pafupi ndi dzanja lake, mabogi onse ali opanda kanthu. Kanadikira.

Manyazi anamugwira kuposa mantha. Anatola kasupuni m'chitini cha malasha ophwanya n'kuyamba kuthira, ena akutayikira panjanji.

"Pepani adadi," ananong'ona. "Kathiridwe kake sindikadziwa."

Mkazi wake anasuzumira pakhomo. Kasitimako sanakayang'ane n'komwe. Maso ake anali pampando wa malemuwo, womwe unali kumbuyo kwa mwamuna wake.

"Bambo a mwana," anatero chapansipansi, "musatembenuke. Dzazani kaye bogi latsalalo."