Chipsera cha Renita

Tsamba la pa intaneti lija linakana kutseguka. Pa foni panangobwera mawu akuti atseka gawo lolengezerapo ofuna zibwenzi, poopa lamulo latsopano lolanga masamba amene amagulitsirapo atsikana.

Darlene anadinanso. Khofi wake anali atazizira kale.

"Curtis, tabwerani kuno," anaitana mwamuna wake. "Renita sakuoneka."

Kuyambira pamene mwana wawoyo anatengedwa ndi mwamuna wina wa galimoto yofiira, Darlene ankamusaka pa tsambalo m'mawa uliwonse. Pa zithunzi omugulitsawo nkhope ankaibisa, dzina ankalisintha, koma chipsera cha ayironi padzanja lamanzere sichinkanama. Chikaoneka mumzinda wa Dayton, ndiye kuti mwana ali moyo ku Dayton. Dzulo chinaoneka ku Toledo.

Curtis anawerenga mawuwo n'kumwetulira. "Si zimene tinkafuna zija, mayi? Inu nomwe munkayenda ndi chikwangwani kuti atseke."

"Ndikudziwa."

"Ndiye basi, sangamugulitsenso."

Darlene anamuyang'anitsitsa mpaka kumwetulira kuja kunazilala.

"Amugulitsabe," anatero chapansipansi. "Koma ine mawa m'mawa ndikamuyang'ane kuti?"